Makope Amene Ndinkasita ndi Simbi

Mpaka lero ndikatsika minibasi pa Golomoti, sipalephera kupezeka munthu wandevu zake, mwina atamangirira thumba la feteleza pa njinga, wofuula kuti, "AKava! Muli bwanji, sala?" Ndimavomera bwinobwino, chifukwa dzina limeneli ndinalidzala ndekha, kulipalira ndekha, ndiye sindingakane kulikolola. Ndinaphunzitsa zaka zambiri pa sukulu ina ya pulayimale pakati pa Mua ndi Golomoti, ndipo pa zonse zimene ndinathira m'mitu ya ana, chimene chinakhazikika ndi liwu limodzi lomwelo.

Liwulo ndi la Chingerezi, ife tinangolipinda kuti likwane m'kamwa mwathu. Ndikafika pa liwu limeneli m'kalasi ndinkachita kusangalala. Ndinkauza ana kuti ife mphika timavundikira, mwana timamufunditsa, mbewu timakwirira, nyumba timafolera, buku timakuta, koma Mngelezi zonsezi amaziponya m'dengu limodzi. Ndinkanena izi nditatukumula chifuwa ngati Chingerezicho ndinachiumba ndine. Kwathu kuno liwuli linapeza ntchito zakezake: kava ya mpando wa kabaza, kava ya wailesi yolukidwa ndi ulusi, masiku ano kava ya foni. Aphunzitsi anzanga akamaliza mitu yonse ya chaka ankati aikava silabasi, kaya ana amva kaya sanamve. Koma ine kava yanga inali imodzi basi, pepala lokutira kope.

Matendawa anandiyamba ndili mwana. Ndinali ndi kope limodzi la maphunziro onse, ndipo tsiku lina m'nyengo yamvula ndinaterereka powoloka mtsinje, kopelo n'kusanduka phala. Abambo anga anati lina lidzapezeka tikakolola mpunga, moti teremu yonse ndinaimaliza ndikulemba pansi ndi kamtengo. Ndinalumbira kuti ndikadzakula palibe kope lidzavutike ine ndikuona. Zoti kope logwera mumtsinje limanyowa chimodzimodzi, lokutira kapena losakutira, sizinandibwerere m'mutu mpaka nditapuma ntchito.

Pa sukulupo ndinali wachiwiri kwa ahedi. Ahediwo anali munthu wofatsa, wokonda katulo kamasana, ndipo ufumu wa makope anandisiyira osakangana nane. Lolemba lililonse belu likalira, ana ankafola pa asembule aliyense atatukula makope ake m'mwamba. Ine ndinkayenda m'mizeremo, dzanja lina kumbuyo, lula m'khwapa, ndikuyendetsa chala m'makona a kope lililonse. Kope losakutira ndinkalitcha lamaliseche, ndipo mwini wake ankapita kukatchetcha kapena kukatunga madzi othirira mitengo, anzake akuphunzira. Mwana ankatha kujomba Lolemba chifukwa choopa ine. Ndikamva zimenezo ndinkati mwambo wakhazikika.

Mapepala anali ndi maudindo awo. Pansi penipeni panali nyuzipepala, chifukwa kwathu kuno nyuzipepala imalowa m'nyumba itakulunga usipa, ndipo kope lokutidwa nayo makoswe salichedwera. Pamwamba pake panali kalendala yakale, yotembenuza kuti koyera kukhale kunja. Amene ankawonjezera pulasitiki ya shuga nthawi yamvula ndinkawapatsa kaulemu pang'ono. Koma mfumu ya onse linali pepala la khaki la m'thumba la simenti. Thumbalo limakhala ndi mapepala angapo osanjikiza: lakunja ndi lolembedwalembedwa, lam'kati ndi lafumbi, lapakati ndiye mnofu wake. Kumata ndinkaletsa. Ana ankamata ndi phala la chinangwa, nyerere n'kubwera kudzachita phwando. Ndinkawauza kuti pepala lopindidwa bwino limagwira lokha.

Munthu akangoganiza zomanga nyumba ya simenti paliponse kuyambira ku Mtakataka mpaka ku Golomoti, ine ndinkadziwa maziko asanakumbidwe. Ndinkafika pa njinga nditamanga tayi, n'kupereka moni mwaulemu kwa amisiri. Amene sankandidziwa ankayamba kubisa njerwa zosweka, kuyesa ndachokera ku boma. Akamva kuti ndabwerera matumba opanda kanthu ankayang'anizana, wina n'kutembenukira kukhoma kuti aseke bwino. Ine sindinkasamala. Ndinkamangirira matumbawo pa kaliyala n'kubwerera kunyumba nditayera mbuu ngati ndachokera kuchigayo.

Lamlungu tikaweruka kutchalitchi ndinkaika makala m'simbi, kuyala bulangete pa tebulo, n'kuyamba kusita mapepala. Inde, ndinkasita mapepala. Pepala la simenti limakhala lokwinyika, ndipo ine makwinya pa kope sindinkawafuna.

"Aphunzitsi," ankatero mkazi wanga, amene ankanditchula choncho akafuna kundinyogodola, "makala amenewo ndinasungira diresi langa."

"Diresi lidikira, amayi. Mawa ndi Lolemba."

"Tsiku lina mudzatikuta ifenso ndi pepala la simenti, n'kutisanja pa shelefu."

Makope amene ndinkakuta anali a mzime wathu, mwana wamkazi yekhayo. Alongo ake awiri anali atapita kale ku sekondale yogonera komweko. Makope ake ndinkawakuta teremu ikamayamba, ndipo pakati pa teremu ndinkachotsa kava yakale n'kuika ina, ngakhale yakaleyo isanade. Apa ndiye panali luso langa lalikulu. Kope logwiritsidwa kale ntchito ukalitambasula pa tebulo, masamba ake amangotseguka, ena kupindika, ena kudetsedwa ndi manja. Ndiye ndinatulukira nzeru. Ndinkatenga pegi ya zovala pa chingwe cha amayi, n'kupana masamba onse pamodzi, kungosiya zikuto ziwiri zili chitambasukire. Nzeru imeneyi ndinkainyadira kwambiri, moti ndinaphunzitsako aphunzitsi anzanga pa msonkhano. Zaka zinayi zathunthu makope a mwana wanga ankadutsa m'manja mwanga kawiri pa teremu, masamba ake ali chipanire.

Mwanayo anali wamtali, wosalankhulalankhula. Kalasi yake inkaphunzira pansi pa mtengo wa mango, bolodi litatsamira ku thunthu, ana oposa zana atakhala pansi. Iye ankakhala mzere wakumbuyo kwenikweni, chifukwa lamulo linali loti ataliatali kumbuyo. Lamulo limenelo ndinaliika ndine. Pakhomo ankapunthwa pa makapu ndi mabeseni, ine n'kumati ndi phuma. Panjira ankadutsa akuluakulu osawapatsa moni mpaka iwo atayamba kulankhula, moti amayi ena a kutchalitchi anabwera kudzadandaula kuti mwana wa aphunzitsi wayamba matama. Ndinamukalipira usiku usanade, iye n'kupepesa atagwada. Koma kulowetsa ulusi pa singano panalibe womuposa, ndipo akasankha mpunga m'lichero sumaluma mwala ngakhale umodzi. Zonsezi ndinkaziona tsiku ndi tsiku, koma kuziphatikiza ayi, ngakhale masamu ndinkaphunzitsa.

Lolemba ndikamaliza kuyendera mizere ndinkamuitana kutsogolo. Ndinkatenga kope lake n'kulitukula kuti sukulu yonse ione.

"Onani kope la munthu! Onani makona ake! Amene akufuna kudzakhala munthu mawa ayambire apa."

Iye ankaima pambali panga atazyolika, ine n'kumati ndi kudzichepetsa.

Sitandade 5 analephera. Anabwereza, ndipo mayeso a pakati pa chaka anakhalanso kumchira. Zinandiwawa, osati chifukwa cha iye ayi, koma chifukwa cha ine. Mwana wa wachiwiri kwa ahedi, wamakope onga amenewo! Ndinafufuza chifukwa chake ndipo ndinachipeza msanga: mutu anatengera kuchikazi. Atsibweni ake, mlongo wa mkazi wanga, analekeza Sitandade 2 n'kupita kukakoka makoka, ndiye ndinati magazi sanama. Nditapeza chifukwacho mtima unakhala pansi, n'kuyamba kukonza zoti ndichite. Mlongo wanga anali ndi tiyirumu ku Mtakataka ndipo ankasowa womuthandiza. Ndinalengeza tikudya kuti mwanayu akalepheranso kumapeto a chaka, sukulu yathera pomwepo, apite kwa azakhali ake akaphunzire kuphika tiyi ndi kukazinga mandasi.

"Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi," ndinatero, pakuti mwambi woikira kumbuyo zofuna zanga sunkandisowa.

"Mwana wazaka khumi ndi zitatu?" anafunsa amayi ake. "Kumsewu kuja? Mwanayu ali ndi eni ake, aphunzitsi. Mukawauze atsibweni ake omwe mukuwanyozawo."

"Ndanena ndanena."

Mwiniwakeyo anamva zonse. Anangotola mbale n'kupita nazo kukatsuka.

Chaka chimenecho kunabwera mphunzitsi watsopano, mtsikana wongotuluka kumene ku koleji, ndipo anamupatsa kalasi ya mwana wanga kuyambira teremu yomaliza. Sitinkagwirizana. Theka la makope a m'kalasi yake linali lamaliseche, ndipo ngakhale buku lake lokonzera maphunziro linalibe kava. Ndinamudzudzula pamaso pa aphunzitsi onse. Anangoti, "Ndamva, sala," koma mawa lake bukulo linabwera lili chomwecho.

Nthawi imeneyo chaka cha sukulu chinkatha mu Novembala. Kutatsala masabata atatu kuti mayeso ayambe, Lolemba lina lotentha kwambiri, nditangomaliza kuonetsa sukulu yonse makona a kope la mwana wanga, madamuwo ananditsatira ku kachipinda kamene tinkakatcha ofesi, mosungira choko ndi makasu. Anali ndi kope lomwe lija m'manja.

"Pepani, sala. Ndifunse nawo. Kope ili munalitsegulapo?"

"Ndimalikuta ndine limenelo."

"Ndikudziwa, sala. Ndikufunsa zotsegula."

Ndinafuna kumufunsa kuti pamene ine ndinkayamba ntchito iye anali kuti. Koma anali atalitambasula kale pa tebulo, ndiye ndinayang'ana.

Masamba oyamba anali abwino, zilembo zazing'ono zaukhondo. Madamu anaika pambali pake kope lina, lokutidwa ndi nyuzipepala yonunkha usipa, la mtsikana amene ankakhala moyandikana ndi mwana wanga. Zolembedwazo zinali zofanana liwu ndi liwu, ngakhale zolakwika zomwe. Kenako anatsegula tsamba lina. Pamwamba pake panali tsiku, lolembedwa bwino, lodulidwa mizere iwiri ndi lula monga ndinkalamulira. Pansi pake panalibe liwu ngakhale limodzi. Panali mizere yokhotakhota basi, ngati modutsa nkhono pakhoma, kuyambira pamwamba mpaka pansi, yosanjidwa mosamala, ina yaitali ina yaifupi, mwinamo atasiya mpata ngati pothera ndime.

"Limeneli ndi tsiku la msika," anatero madamu. "Mnzakeyu sabwera tsiku la msika, amakathandiza amayi ake kugulitsa. Tsegulani sabata iliyonse muone."

Ndinatsegula. Sabata iliyonse linalipo tsamba lotero.

"Ndi masewera amenewa," ndinatero. "Ulesi."

"Si masewera, sala. Akukopera zimene akuona pa bolodi. Akakhala kumbuyo kuja bolodi amaliona choncho. Sabata yatha ndinamuika kutsogolo, pafupi penipeni, analemba zonse, masamu anakhoza asanu ndi awiri pa khumi. Mayeso paja timalemba mafunso pa bolodi, ana n'kuwakhazika motalikirana kuti asaonerane. Ndiye mwana wanuyu zaka zonsezi wakhala akuyankha mafunso amene sanawaone. Si mbuli, sala. Sakuona."

Munthu wanzeru akanakhala chete. Ine ndinatsegula pakamwa, ndipo chimene chinatuluka ndi ichi: "Komatu kope lake ndi laukhondo."

Madamu anandiyang'ana kanthawi, n'kutuluka kupita kukalasi kwake. Aphunzitsi am'mbuyomo sindingawanene. Munthu mmodzi, ana oposa zana, ankachonga makope a amene abweretsa okha, ndipo kope la mwana wa aKava, limene sukulu yonse inkalitcha chitsanzo, ndani akanalikayikira?

Sindinavomere msanga. Akuluakulu amati wakutsina khutu ndi mnansi, koma khutu likamatsinidwa ndi kamtsikana kopanda kava pa buku lake, unansiwo suoneka tsiku lomwelo. Titaweruka ndinauza mwana wanga kuti akwere pa kaliyala tikagule mchere ku Golomoti, ngakhale mchere unalimo m'nyumba. Tinaima m'mbali mwa msewu. Tsidya linalo kunaima minibasi, pagalasi lake pali chikwangwani cha zilembo zazikulu ngati chikhatho changa.

"Tawerenga apo. Ikupita kuti imeneyo?"

"Ku Salima," anayankha mosachedwa.

Ndinayamba kale kukonza mawu okamuuza madamu uja m'mawa. Kenako ndinamva kondakitala akukuwa kuti Salima, Salima, mpaka mitsempha ya m'khosi kuonekera. Ndinadikira minibasi ina. Itangoima ndinamutseka mwanayo makutu ndi manja anga awiri, pamsika pomwepo, azimayi ogulitsa tomato akutiyang'ana, wina n'kufunsa mnzake ngati aphunzitsi ayamba kupempherera anthu.

"Nanga iyi?"

Anatsinzinira maso, n'kusuzumira kutsogolo.

"Ndi yoyera, adadi."

Ndinachotsa manja. Ndinawaika m'matumba.

"Nanga ine ndikamabwera patali umandidziwa bwanji?"

"Tcheni cha njinga yanu chimalira. Komanso mumatsokomola mukafika pa mlambe paja."

"Bwanji sunanene nthawi yonseyi?"

"Ndinkayesa aliyense amaona choncho, kungoti anzangawo ndi anzeru." Anayamba kukumba pansi ndi chala cha kuphazi. "Komanso munkati makope anga ndi abwino kuposa a onse."

Tinabwerera kunyumba opanda mchere.

Mkazi wanga ndinamuuza ali pakhonde akusenda nandolo. Ndinkayembekeza phokoso, ndipo ndikanakonda phokosolo. Anapukuta manja, kutenga kope lija, kutsegula tsamba ndi tsamba mpaka kumapeto, ngakhale iye sukulu analekeza Sitandade 4. Atamaliza analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi pegi ija, imene ndinkaisunga m'kachitini pamodzi ndi lezala yodulira mapepala. Anaimanga kumsonga ya chitenje chake.

"Paja mwambi wa mkuyu uja mumaulemba pa bolodi chaka chilichonse," anatero. "Umati chiyani?"

"Chikomekome cha mkuyu," ndinayamba, koma sindinamalize.

"Musayang'ane mwanayu. Mkuyuwo ndi inu."

Kuchipatala anatiuza kuti woona za maso amabwera kamodzi pamwezi, ndipo mwamwayi tsiku lake linali sabata yomweyo. Tinapita awiri. Anamukhazika pa mpando, kumutseka diso limodzi, n'kumulozera zilembo za pakhoma. Chilembo chapamwamba, chachikulu ngati mbale, sanachione. Anamuuza kuti aziyandikira mpaka achione, ndipo anayenda, kuyenda, mpaka kutsala pang'ono kugunda khomalo. Dokotalayo, bambo wofatsa wamagalasi akeake, analemba zina pa pepala n'kutembenukira kwa ine.

"Vutoli si ladzulo, bambo. Kusukulu sanaone? Inuyo mumagwira ntchito yanji?"

Tsiku limenelo tayi ndinali nditaisiya kunyumba, ngati ndinadziwa.

"Ndimalima," ndinayankha chapansipansi.

Mwana wanga anatembenukira komwe kunachokera mawuwo. Mpaka lero sanauzepo munthu. Ndine ndikuulula.

Magalasi anati atenga masabata angapo kuti afike, ndiye mayeso anamupeza alibe. Madamu uja, popanda kumupempha, anakopera mafunso onse pa pepala ndi dzanja lake, phunziro lililonse, n'kumamupatsa mwanayo kuti awerengere pafupi. Anakhoza. Sanakhale pamwamba ayi, zaka zinayi za mizere ya nkhono sizikwiririka m'masabata atatu, koma anadutsa. Ndinalembera mlongo wanga kalata yoti apeze wina wa mandasi, chifukwa chake osachitchula. Kwa madamu ndinapita kukathokoza nditanyamula mapepala khumi a khaki osita bwino, pakuti ndi chuma chokhacho chimene ndinkachidziwa. Analandira ndi manja awiri, ndipo ndinamva kuti anayala m'kabati yake ya mbale.

Magalasiwo anafika sukulu itatsekera. Pochokera kuchipatala atawavala, anakhala pa kaliyala, ine ndikupalasa. Titafika poyera, pamene mapiri amaonekera bwino, anandigwira malaya.

"Adadi, paphiri paja pakuyenda galimoto!"

"Ndi msewu wa Khwekhwelere umenewo. Unalipo iwe usanabadwe."

"Ndinkangomva anthu akunena."

Ndinaimitsa njinga kuti aone bwino. Anayang'ana phirilo, kuyang'ana mbuzi zimene zinali tsidya la munda, kuziwerenga mokweza ngati mwana wa Sitandade 1. Kenako anabwerera m'mbuyo mapazi angapo, kufika pa mtunda umene ankaima akamandipatsa moni pakhomo, n'kundiyang'ana ine nthawi yaitali.

"Kodi nkhope yanu imakhala yokwinya choncho masiku onse?"

"Ndi dzuwali," ndinatero.

"Ine ndinkayesa mumamwetulira."

Ndinamuuza kuti akwere tizipita, kunja kukutentha. Njira yonse yotsalayo ndinayesetsa kupalasa ndikumwetulira, ngakhale iye anali kumbuyo ndipo ankangoona msana wanga.

Ndinganame nditati ndinasiya kukuta makope. Chizolowezi sichimva manyazi. Koma kuyambira chaka chotsatira, Lolemba ndikafika pa mwana ndinkati, "Tsegula." Kutchetcha chifukwa cha kava kunatha, ndipo lamulo la ataliatali kumbuyo ndinalichotsa mwakachetechete, osanena kuti analiika ndani. Dzina lokha ndilo linakana kuchoka.

Mwana wanga anamaliza Fomu 4 ali wamkulu kuposa anzake onse a m'kalasi. Amene anayamba nawo sukulu anali atapita kale patsogolo, ndipo ena mwa amene anamaliza nawo ankamutcha anti. Lero ali pabanja ku Golomoti, ali ndi makina ake awiri osokera ndipo anthu amachita kumudikira pamzere nthawi ya maukwati. Sanandidandaulirepo. Zimenezo ndiye zimandipweteka kwambiri, chifukwa munthu wokukalipira umadziwa pomuyankhira. Ndinamudyera zaka, ndinamutcha wamatama ndi waulesi, ndinatsala pang'ono kumutumiza kukakazinga mandasi, ndipo umboni wonse unali m'manja mwanga kawiri pa teremu, nditaupana ndi pegi.

Kope lija ndinalisunga m'bokosi, pansi pa satifiketi yanga ya ku koleji. Chaka chatha anatumiza uthenga kuti abwera Loweruka ndi makope a mwana wake, amene wayamba Sitandade 1, kuti agogo ake awakute. Ndinaona kuti mpata ndi umenewu. Sabata yonse ndinakonza mawu opepesa, ndime zitatu, ndi mwambi kumapeto. Loweruka ndinaika makala m'simbi m'mawa, n'kutulutsa kope lija.

Anafika pa kabaza, kupereka moni kwa amayi ake, n'kudzakhala pa mphasa pafupi ndi tebulo langa. Ndinamupatsira kopelo. Anakonza magalasi ake, kulitembenuza uku ndi uku, kuyendetsa chala m'makona monga ndinkachitira ine pa asembule.

"Kava yake ikadali bwino, adadi. Ngakhale kona imodzi sinatukuke."

Anandibwezera.

"Sutsegula?"

"Ndikudziwa zili m'katimo. Ndinalemba ndine."

Ndime zanga zitatu zija zinabalalika, mwambi womwe. Chimene chinatsala ndi chimodzi.

"Ndinachedwa kulitsegula, mwana wanga."

"Munachedwadi," anatero. Sanayang'ane kumbali.

Kenako anamasula jumbo imene anabwera nayo n'kuika makope anayi pa tebulo. Sanali atsopano. Anali olembedwamo kale, makona atapindika, limodzi lili ndi chidindo cha chala chamafuta a mandasi.

"Awa mukute. Ndidzatenga mawa tikaweruka kutchalitchi." Anaimirira, kukutumula chitenje chake, n'kuyang'ana kachitini kanga ka lezala. "Pegi ija musagwiritse."

"Ili ndi amayi ako mpaka lero."

"Ndikudziwa. Ndikungonena."

Analowa kukhitchini kukacheza ndi amayi ake, ndipo posakhalitsa ndinamva akuseka awiriwo. Ine ndinakoka mpando, kuvala magalasi anga, n'kutsegula kope loyamba. Tsamba lonse linali chilembo chimodzi, a, a, a, zina zitagona chagada, zina zitatuluka mumzere. Ndinawerenga chilichonse, tsamba ndi tsamba, makope onse anayi. Pomaliza ndinagwira simbi n'kupeza makala atazima kalekale.